Sitiroko ikagwa m'nyumba: chithandizo cha kuchipatala ndi njira zina

Munthu amene wagwidwa ndi sitiroko sasowa alangizi. Dzuwa lisanalowe, achibale, anzake a kumpingo ndi anansi amakhala atadzaza pakhonde, aliyense ndi nzeru yake. Wina akuti timuthowe ndi madzi otentha. Wina akudziwa sing'anga wa kutsidya amene anadzutsa mayi wina chaka chatha. Wachinyamata waona pa WhatsApp kuti ukabaya nsonga za zala ndi singano, magazi oipa amatuluka. Pagulupo palibe woipa mtima. Koma malangizowa salemera mofanana: ena ndi othandiza, ena ndi ongodya ndalama, ndipo angapo akhoza kupha munthu amene akanachira. Kuti tiwasiyanitse, tiyambe ndi zimene zachitika m'mutu mwa wodwalayo.

Sitiroko imachitika magazi akasiya kufika m'chigawo china cha ubongo. Kawirikawiri mtsempha umatsekeka ndi magazi amene aundana, ndipo chigawo chimene mtsemphawo umadyetsa chimayamba kufa. Nthawi zina mtsempha umaphulika, magazi n'kukhuthukira mu ubongo. Ku Ulaya ndi ku America, sitiroko zoposa 8 mwa 10 zimakhala za kutsekeka. Kuno ku Africa za kuphulika zimachulukirapo kuposa kumeneko, makamaka chifukwa cha BP imene yakhala zaka zambiri ikukwera mwiniwake osadziwa. Zooneka ndi maso zimafanana pa mitundu iwiriyi: pakamwa kupotoka, mkono ndi mwendo wa mbali imodzi kufooka, lilime kulemera, mawu kusokonekera. Ngakhale dokotala wokhwima pantchito sangatsimikize mtundu wake popanda kujambula mutu ndi makina a CT, amene kwathu kuno amapezeka m'zipatala zikuluzikulu zochepa za m'mizinda.

Kusiyana kumeneku si nkhani ya m'kalasi chabe. Mankhwala amene amathandiza mtsempha wotsekeka ndi omwewo amene amawonjezera ngozi ngati mtsempha waphulika. Asipirini amaletsa magazi kuundana. Mukamumwetsa munthu amene magazi akutayikira mu ubongo, mwakulitsa vutolo. N'chifukwa chake kunyumba wodwala asapatsidwe pilitsi lililonse, ngakhale la BP, ndiponso asamwetsedwe madzi kapena phala. Agonekedwe cham'mbali, wina aone nthawi imene zizindikiro zayamba, ndipo papezeke galimoto.

Maola oyamba

Mu 2006 dokotala wina wa ku America, Jeffrey Saver, anawerengetsa kuti pa sitiroko yaikulu ya kutsekeka, maselo a ubongo pafupifupi 1.9 miliyoni amafa mphindi iliyonse imene yadutsa popanda chithandizo. Pa liwiro limeneli ndi pamene pagona chithandizo chamakono. Mankhwala a alteplase, amene amaikidwa m'mtsempha kuti asungunule magazi oundana, anaonetsa mphamvu yake pa kafukufuku wa mu 1995 ndipo anavomerezedwa ku America mu 1996. Poyamba ankaperekedwa mkati mwa maola atatu okha. Kafukufuku wa ku Ulaya wa mu 2008 anatalikitsa nthawiyo kufika maola anayi ndi theka. Mu 2015 madokotala a ku Netherlands, kenaka a kwina, anasonyeza kuti zimathandiza kulowetsa kachubu kopyapyala m'mtsempha wa m'mphechepeche, kukafikitsa mu ubongo, n'kukoka magazi oundanawo. Kwa odwala ena osankhidwa bwino, njirayi imathandiza ngakhale patapita maola 24.

Wowerenga wa ku Ntchisi kapena ku Katete akhoza kuseka chamumtima: maola anayi ndi theka amathera podikira galimoto, ndipo mankhwalawo ndi akatswiri a kachubuko sali pafupi. N'zoona, ndipo palibe chifukwa chobisira. Komabe kuthamanga sikutha ntchito. Pali matenda amene amavala nkhope ya sitiroko koma amachizika msanga. Shuga akatsika kwambiri m'magazi, munthu amatha kufooka mbali imodzi, ndipo amadzuka pakangopita mphindi zochepa atamuika shuga m'mtsempha. Kwa amene ali ndi HIV, TB ya mu ubongo ndi tizilombo tina timabweretsa zizindikiro zomwezo, ndipo mankhwala ake alipo m'zipatala za boma. Palinso kasitiroko kamene kamabwera n'kutha kokha pasanathe ola. Anthu amapuma mpweya wabwino n'kubwerera kumunda, chonsecho limenelo ndi chenjezo: masiku otsatirawo ndi amene sitiroko yaikulu imakonda kugwa.

Madokotala akatsimikiza kuti mtsempha watsekeka, amayamba asipirini. Akafukufuku awiri akuluakulu a mu 1997, wina wa ku China wina wa m'maiko ambiri, anaphatikiza odwala pafupifupi 40,000 ndipo anapeza kuti pa anthu 100 alionse oyamba asipirini msanga, mmodzi amapulumuka ku imfa kapena ku sitiroko yachiwiri m'masabata oyamba. Mmodzi pa 100 amamveka wochepa, koma pilitsi lake ndi lotsika mtengo kwambiri. Za BP m'masiku oyambawa zimakwiyitsa magadiyani ambiri: makina akuonetsa 180, koma dokotala sakuchita changu kuitsitsa. Si ulesi. Pa sitiroko ya kutsekeka, BP yokwererapo imathandiza kukankhira magazi m'mbali mwa chigawo chovulala, ndipo kuigwetsa mwadzidzidzi kungaphe maselo amene anali pakati pa moyo ndi imfa. Pa sitiroko ya kuphulika ndi pamene amaitsitsa msanga, ndipo nthawi zina pamafunika opaleshoni.

Zimene zimapulumutsa ambiri m'wodi

Chodabwitsa n'chakuti chithandizo chimene chapulumutsa anthu ochuluka padziko lonse si jakisoni wodula uja. Ndi chisamaliro cha dongosolo: wodi imene anamwino, madokotala ndi a fiziyo amadziwa za sitiroko ndipo amagwira ntchito mogwirizana. Kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana wasonyeza mobwerezabwereza kuti ogonekedwa m'wodi yotere amafa ochepa ndipo ambiri amabwerera kwawo akutha kudzisamalira. Chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chinakhazikitsa chipinda chotere. Koma zambiri zimene zimachitikamo n'zotheka ngakhale pa chipatala cha m'boma, ndipo manja amene amazichita usiku wonse ndi a gadiyani.

Choyamba ndi kumeza. Odwala ambiri sitiroko imawafooketsa minofu ya pakhosi, moti madzi kapena phala zimalowera kumapapo, nthawi zina osatsokomola n'komwe. Pakapita masiku awiri kapena atatu thupi limatentha, chibayo chayamba, ndipo chibayo chimenechi ndi chimodzi mwa zimene zimapha kwambiri odwala sitiroko. Achibale amamva chisoni kuona bambo awo ali ndi chubu cha m'mphuno, ena amafika pochikana poganiza kuti ndi chizindikiro cha imfa. Chubucho chimangodutsitsa chakudya pamalo oopsa kufikira kumeza kutabwerera, ndipo kwa ambiri kumabwerera m'masabata ochepa. Akayamba kudya, akhale tsonga, adye pang'onopang'ono, chakudya chofewa koma cholimbirako, chifukwa madzi enieni ndi amene amatsamwitsa msanga kuposa phala. M'kamwa mutsukidwe akatha kudya.

Kenaka pali kumutembenuza maola awiri alionse kuti asachite zilonda m'chiuno ndi m'zidendene, kusintha zofunda zikanyowa, ndi kuuza namwino thupi likangotentha. Ndipo pali phewa. Mkono wofooka sukhala ndi minofu yougwira pamalo pake. Mukamudzutsa pomukoka dzanja kapena pomunyamula m'khwapa, phewalo limaguluka pang'ono n'kuyamba kupweteka kwa miyezi, ndipo munthu amene phewa likumupweteka safuna kuchita mafizo. Mkonowo utsamiritsidwe pa pilo, ndipo pomudzutsa mugwire thupi.

Ntchito yobwezera mkono

Maselo a ubongo amene afa sabwerera, ndipo palibe mankhwala, a m'botolo kapena a m'tchire, amene asonyeza kuti amawadzutsa. Nanga anthu amachira bwanji? M'masabata oyamba kutupa kwa mu ubongo kumaphwa, ndipo maselo amene anangokomoka amayambanso ntchito. Kenaka zigawo zotsala zimaphunzira ntchito ya chigawo chimene chafa, polumikizana m'njira zatsopano. Zili ngati njira ya kudimba ikakokoloka ndi madzi: anthu amayamba kulambalala m'tchire, oyamba amavutika ndi udzu ndi minga, koma pakamadutsa mapazi tsiku ndi tsiku pamakhala njira, ndipo pakasiya kudutsa anthu tchire limabwerera. Kuphunzira kumeneku kumathamanga kwambiri m'miyezi itatu yoyamba, kumachedwerapo kufika miyezi isanu ndi umodzi, ndipo kumapitirira pang'onopang'ono ngakhale patapita zaka. Miyezi yoyambayo ndiye chuma cha wodwala, ndipo ndi yomwe mabanja ambiri amaithera m'misewu posaka mankhwala.

Apa ndi pamene chikondi chathu chimatipusitsa. Kwathu wodwala, makamaka wamkulu, sagwira kanthu. Timamumwetsa, kumusambitsa, kumuveka, ndipo mlendo akapeza agogo akulimbana ndi mabatani a malaya ana ali pompo, amatuluka akunena kuti banjali ndi lankhanza. Koma dzanja limene likuchitiridwa zonse silipeza chifukwa chodzukira. Katswiri wina wa ku America, Edward Taub, anaona pa anyani kuti mkono wovulala minyewa umatha kusiyidwa osati chifukwa sungayende konse, koma chifukwa mwiniwake wazolowera kudalira winawo. Atamanga mkono wabwino, wofookawo unayamba kugwira ntchito. Njirayi inayesedwa pa anthu, ndipo kafukufuku wa mu 2006 wa odwala 222, amene anali atatha miyezi itatu mpaka isanu ndi inayi chidwalire, anapeza kuti masabata awiri ovala chophimba kudzanja labwino, akuchita ntchito ndi dzanja lofooka maola angapo patsiku, anabweretsa kusintha kumene kunaonekabe patatha chaka. Imathandiza amene zala ndi dzanja zayamba kale kugwedezeka pang'ono, ndipo iyenera kutsogoleredwa ndi a fiziyo, koma phunziro lake ndi la aliyense.

Zipangizo zake zili kale m'nyumba. Kusankha nyemba m'lichero, kutongola chimanga, kutsegula chivindikiro cha botolo, kuumba mbamu ya nsima, kupinda chitenje: zonsezi ndi mafizo, malinga zichitike kambirimbiri, tsiku lililonse, ndi dzanja lovutalo. Kudzuka pampando n'kukhalanso, kulemera kwa thupi kuli pa miyendo yonse iwiri, kumakonzekeretsa munthu kuyenda. Mitengo iwiri kapena nsungwi zolimba zokhomedwa pabwalo motsatana zimapatsa wodwala pogwira akamaphunzira kuponda. Galasi lodziyang'anira nalo lili ndi ntchito. Mukaliimika pakati pa manja awiri kuti wodwala aziona chithunzi cha dzanja labwino likuyenda pamalo pa lofooka, ubongo umanyengeka, ndipo kafukufuku wasonyeza kuti zimathandiza mkono kuyenda. Nzeruyi anayamba nayo katswiri wina, V. S. Ramachandran, m'zaka za m'ma 1990 pothandiza anthu odulidwa mikono amene ankamvabe ululu pamkono umene kulibe.

Changu nacho chili ndi malire. Kafukufuku wamkulu wa mu 2015, wa odwala oposa 2,000, anapeza kuti kudzutsa munthu mwamphamvu ndi mobwerezabwereza mkati mwa maola 24 oyamba kunachepetsa mwayi wochira bwino. Tsiku loyamba apume. Kenaka ayambe ndi timagawo tatifupi, kangapo patsiku. A fiziyo m'dziko muno ndi ochepa, ngakhale kuti Kamuzu University of Health Sciences imawaphunzitsa, ndipo malo ogona odwala ophunzira kuyenda, monga Kachere ku Blantyre, sangakwanire onse. Choncho tsiku lokumana ndi a fiziyo gadiyani asakhale panja. Alowe, aone, ayese ndi manja ake, ngati n'kotheka ajambule pafoni, chifukwa masiku ena onse mphunzitsi ndi iyeyo.

Sitiroko ikagwira mbali ya kumanzere ya ubongo, thupi limafooka kumanja ndipo kawirikawiri mawu amasowa. Munthu amafuna kunena madzi, pakamwa n'kutuluka dzina la mwana wake. Si misala, ndipo nzeru zake zilipo. Zimapweteka kuona anthu akukambirana za katundu wake iye ali pomwepo ngati chipika. Mulankhuleni mwaulemu monga kale, ziganizo zazifupi, mafunso oyankha ndi inde kapena ayi, ndipo mudikire. Kumumalizira mawu kumamulanda mafizo a lilime. Ambiri amene satha kunena chiganizo amatha kuimba nyimbo ya kutchalitchi imene anaidziwa ali mwana, chifukwa kuimba kumadalira kwambiri mbali ina ya ubongo. Madokotala a ku Boston anapanga njira ya chithandizo kuchokera pamenepa mu 1973: kuimbitsa wodwala mawu a tsiku ndi tsiku, kenaka kuchotsa nyimboyo pang'onopang'ono.

Pafupifupi mmodzi mwa odwala atatu amagwidwa ndi matenda a kukhumudwa. Bambo amene ankalima, kulamula ndi kudyetsa banja tsopano akuperekezedwa kuchimbudzi. Akayamba kukana chakudya, kukana mafizo, kunena kuti bola kufa, asadzudzulidwe kuti ndi waulesi; amenewo ndi matenda, ndipo uphungu ndi mankhwala ake zilipo.

Kutseka khomo la sitiroko yachiwiri

Mapilitsi amene munthu amatuluka nawo m'chipatala sadzutsa mwendo, ndipo kusamvetsa zimenezi kwasiyitsa ambiri mankhwala: ndamwa miyezi iwiri koma sindikusintha. Ntchito yawo ndi kuletsa sitiroko ina, imene kawirikawiri imakhala yoopsa kuposa yoyamba. Wamkulu pa onse ndi wa BP. Kafukufuku wa m'dziko lonse la Malawi wa mu 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. BP simveka m'thupi, ndipo ikatsika ndiye kuti mankhwala akugwira ntchito, osati kuti yatha. Nthawi zambiri pamafunika mitundu iwiri. Kafukufuku wa mu 2019 m'maiko asanu ndi limodzi a mu Africa, kuphatikizapo Mozambique, anapeza kuti kuphatikiza amlodipine ndi mankhwala ena kunkatsitsa BP bwino kuposa kuphatikiza kopanda amlodipine.

Pa sitiroko ya kutsekeka pamawonjezeka asipirini kapena clopidogrel, ndi mankhwala otsitsa mafuta m'magazi monga atorvastatin. Amene mtima wawo umagunda mosalongosoka, kapena unawonongeka ali ana chifukwa cha zilonda za pakhosi zosachizidwa, amafunika warfarin, amene amafuna kupimitsa magazi pafupipafupi. Mwana wa sickle cell akachita sitiroko amafunika kuikidwa magazi ndi kutsatiridwa mwapadera. Ndipo pali HIV: kafukufuku wa ku Blantyre wofalitsidwa mu 2016 anapeza kuti kwa odwala sitiroko achinyamata, kachilomboka ndiko kanali chifukwa chachikulu, ndipo ngozi inali yokwera m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba kumwa ma ARV, makamaka kwa oyamba chitetezo chitatsika kale. Tanthauzo lake ndi kuyamba msanga ndi kusadukiza, osati kuwasiya.

Mchere, bungwe la WHO limati usapitirire magalamu asanu patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi wobisika mu nsomba zouma zothira mchere, m'timibulu tokometsera ndiwo ndi mu soda wa m'therere. Fodya ndi kachasu sizifuna ndime yakeyake.

Njira zina

Sitiroko imagwa mwadzidzidzi, nthawi zina usiku, pa munthu amene dzulo anali bwinobwino. N'zosadabwitsa kuti m'midzi yambiri amati wamenyedwa ndi hamala ya afiti, ndipo agogo ena osalakwa azunzidwa chifukwa cha mtsempha umene unaphulika ndi BP. Banja likakhulupirira zimenezi, ulendo woyamba umakhala wa kwa sing'anga. Ndipo pali chifukwa chimene asing'anga, aneneri ndi ogulitsa mabotolo onse ali ndi mboni zoona, zosanama. Kumbukirani kuti m'masabata oyamba odwala ambiri amasintha okha, kutupa kukamaphwa. Chilichonse chimene munthu anamwa, kudzola kapena kutemeredwa m'nyengo imeneyo chimalandira ulemu wa ntchito imene thupi lachita lokha. Amene sanasinthe, ndi amene anamwalira, sapereka umboni.

Njira yokha yodziwira ngati mankhwala akugwiradi ntchito ndi kuyerekeza magulu awiri ofanana, lina lolandira mankhwalawo, lina lolandira ofanana nawo maonekedwe koma opanda kanthu. Muyeso umenewu sukondera. Madokotala ambiri ankakhulupirira kuti fluoxetine amathandiza ziwalo kuchira. Atamuyesa ku Britain pa odwala oposa 3,000, zotsatira za mu 2018 zinasonyeza kuti amachepetsa kukhumudwa koma sabweza mphamvu, ndipo othyoka mafupa anachulukirapo pakati pa omwa. Ganizolo linasiyidwa. Mankhwala azitsamba a ku China otchedwa NeuroAiD anayesedwa pa odwala pafupifupi 1,100 ku Asia, ndipo mu 2013 zinapezeka kuti patatha miyezi itatu sanapose mapilitsi opanda kanthu mokhutiritsa. Kubaya timasingano m'thupi mwa njira ya ku China kwafufuzidwa kambiri. Kafukufuku wamng'onowamng'ono amakuyamikira, koma pamene anayerekeza ndi kubaya kwachiphamaso, kusiyana kunali kochepa kapena kunalibe. Kukachitidwa ndi wodziwa, ndi singano zoyera, sikuvulaza kawirikawiri. Chimene chimavulala ndi thumba.

Zina n'zothandizadi pa mlingo wake. Kusisita ndi kutikita minofu mofatsa kumachepetsa ululu ndi kuuma, kumatonthoza, ndipo kumakumbutsa wodwala kuti mbali imeneyo ndi yake. Sikulowa m'malo mwa mafizo, chifukwa pamenepo akugwira ntchito ndi wosisitayo. Masewera odekha monga tai chi ndi yoga amathandiza amene ayamba kale kuima kuti asamadzandire. Chakumwa cha chidede chasonyeza pa kafukufuku kuti chimatsitsa BP pang'ono, ngati simuchidzaza shuga, koma pang'onopo sipakwana kwa munthu amene wachita kale sitiroko. Masamba a chammwamba ndi ndiwo zabwino, ndipo ndi bwino kuwadya ngati ndiwo kusiyana ndi kuwagula m'makapisozi pa mtengo wa thumba la chimanga. Pemphero ndi kuyenderedwa ndi a kumpingo zimadzutsa mtima wa wodwala ndi wa gadiyani yemwe, amene nayenso amatopa mpaka kudwala. Mpingo umene umatumiza anthu osinthana kuyendetsa wodwala pabwalo ukuchita chithandizo chenicheni. Koma m'busa amene akuti taya mapilitsi, kumwa mankhwala n'kusakhulupirira, akutsegulira sitiroko yachiwiri, ndipo pamaliropo adzalalika yekha.

Zoopsa zenizeni n'zodziwika. Kuthowa ndi madzi otentha kapena kuwotha moto pafupi kumawotcha chiwalo chimene sichikumva kutentha, ndipo chilonda chake chimavuta kupola. Mphini pa munthu womwa asipirini kapena warfarin zimatha kukha magazi osaleka, ndipo lumo logwiritsidwa ntchito pa anthu angapo limafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi. Mankhwala akumwa operekedwa kwa munthu wosatha kumeza amathera m'mapapo. Kubaya zala ndi makutu ndi singano kulibe umboni uliwonse. Timadontho ta kuchala sititsegula mtsempha wa mu ubongo, timangodya mphindi. Kupotokola khosi mpaka kulira, kumene ena amachita pofuna kuwongola mafupa, kumatha kung'amba mtsempha wopita ku ubongo. M'matauni muli malo a mabedi ndi makina otenthetsa thupi amene amalonjeza kutsuka mitsempha, ndi ogulitsa mabotolo a mavitamini amene amafika mpaka m'wodi. Mabanja opeza bwino amauzidwa za zipatala za kunja zobaya maselo atsopano. Njirayi ikadali pa kafukufuku, sinatsimikizike kuti imachiza sitiroko, ndipo pali amene abwerako ndi zotupa. Ndalama zimene zimathera kumeneku ndi zomwe zikanalipira ulendo wa kwa a fiziyo, ndodo yoyendera, ndi mapilitsi a BP pa mwezi umene kuchipatala atha.

Ngozi yobisika kwambiri ndi ya kusakaniza. Zitsamba zili ndi mphamvu, ndipo mphamvuyo imakumana ndi ya mapilitsi. Ginkgo, amene amagulitsidwa kuti amatsegula mutu, amatha kuwonjezera kukha magazi akaphatikizidwa ndi asipirini kapena warfarin. Makapisozi a adyo kapena jinja omwedwa mochuluka akhoza kuchita chimodzimodzi, ngakhale adyo wa m'ndiwo alibe vuto. St John's wort, amene ena amamwa akakhumudwa, amafooketsa warfarin ndi ma ARV ena. Mizu ya m'botolo losalembedwa kanthu ndiye palibe amene angakuuzeni muli chiyani, ndipo impso za munthu wa BP ndi shuga zimakhala zofooka kale. Odwala ambiri amabisa zimene akumwa poopa kukalipiridwa, ndipo ogwira ntchito ena m'zipatala amakalipadi, zimene zimangophunzitsa anthu kubisa bwino. Tsiku lokaonana ndi dokotala, m'jumbo mmene muli buku la kuchipatala mulowenso botolo lililonse, paketi iliyonse ndi muzu uliwonse umene wodwala akumwa, ziikidwe patebulo. Kwa womwa warfarin, chatsopano chilichonse chikayambidwa kapena kusiyidwa, magazi apimidwenso, ndipo nkhama zikayamba kukha magazi, mkodzo kufiira kapena chimbudzi kuda bii, apite kuchipatala tsiku lomwelo.